Mmene mungajambulire pakhoma tsiku limene asilikali athu ananyamuka

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikulemba mayina a magolosale, mabutchala ndi masaluni kuyambira ku Kawale mpaka ku Area 25, moti makoma a mu Lilongwe muno ndimawadziwa ndi chikhatho. Koma ntchito imene inanditenga mtima wonse ndi chithunzi chachikulu chimene tinajambula pakhoma la holo ina kwathu kuno, chokumbukira anthu amene ananyamuka kupita kunkhondo. Aphunzitsi, achinyamata a m'mipingo ndi anzanga ogwira bulashi akhala akundifunsa kuti tinayambira pati. Ndiye ndati ndilembe, kuti wofuna kuchita zomwezi kudera kwawo asavutike monga tinavutikira ife.

Musanagule ngakhale bulashi imodzi, pitani mukakhale pamphasa ndi anthu amene anaperekeza. Ine ndinali ndi mwayi chifukwa woperekezayo anali m'nyumba mwathu. Agogo anga aamuna anachoka kumudzi kwathu cha ku Nathenje mu 1942, nakafika mpaka ku Burma, ndipo anabwerako mu 1946. Ndili mnyamata ndinajambula msilikali papepala, ali ndi mfuti paphewa, nsapato zonyezimira, mamendulo pachifuwa, n'kukaonetsa agogo aakazi kuti awa ndi agogo akunyamuka. Anayang'ana nthawi yaitali kenako anati, "Iwe mwana, agogo ako sanachoke chonchi ayi. Anachoka ngati munthu wopita kudimba." Anandiuza kuti anavala kabudula wachigamba, kumapazi kulibe kanthu, m'manja muli kansalu komangamo mtedza wokazinga umene iwo anakazinga usiku wonse. Anayenda wapansi mpaka kuboma, agogo aakazi akutsatira pambuyo ndi azakhali anga kumsana. Kubomako kunali lole. Wovala yunifolomu anali mmodzi yekha, sajeni woitana mayina.

Mawu amenewo ndi amene anakhala msana wa chithunzi chathu chonse. Munthu wolembedwa kumene usilikali ankalandira zovala akafika kukampu, monga ku Zomba, osati pakhomo pa amake. Mamendulo amabwera nkhondo itatha, ndiye musawaike pachifuwa cha munthu amene akupita. Ndipo theka la anthu a tsiku lonyamuka ndi otsala: mkazi, mayi, mwana, m'bale amene wasiyiridwa munda. Mukawachotsa amenewa mwajambula pelete.

Funsani mabanja angapo, osati limodzi. Tengani kabuku, ndipo ngati alola jambulani mawu awo pafoni. Funsani zinthu zazing'ono: anavala chiyani, inali nyengo yanji, anatenga kamba wanji, anatsanzikana pati, ndani anakana kutuluka m'nyumba. Pemphani kuona zithunzi zakale ndi timabuku totulukira usilikali, koma musazitenge. Zijambuleni pomwepo n'kuzibweza m'manja mwa eni ake. Achikulire amene anagwirako usilikali mungawapeze kudzera kubungwe lawo la VELOM, lija limagulitsa timaluwa tofiira mwezi wa Novembala ukamayandikira. Zithunzi zakale zikasowa m'mabanja, kuli National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre.

Mukamva zonsezo, sankhani kuti mukujambula kunyamuka kwa liti, chifukwa dziko lino laperekeza ana ake kangapo. Ife khoma lathu linali lalitali mamita 12, ndiye tinaligawa patatu, kuyambira kumanzere. Koyamba tinaika nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo anaitcha ya Chiwaya potengera mfuti ija yolira mosalekeza. Nkhondo imeneyi inafika pakhomo pathu penipeni, poti pa 9 Sepitembala 1914 anthu anamenyana ku Karonga. Asilikali ochokera m'dziko muno anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, anali pafupifupi 200,000. Anthu zikwizikwi mwa iwo anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa, ndipo mayina awo simuwapeza pamiyala. N'chifukwa chake mbali imeneyi ine ndinakana kuikapo mfuti zambiri. Ndinaika mzere wa anthu opanda nsapato, aliyense ndi katundu wa makilogalamu ngati 25 pankhata, akulowera kumpoto mpaka womalizira akungooneka ngati kadontho.

Pakati tinaika lole ya agogo anga, ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945, imene inatengera a Keyala, kapena kuti King's African Rifles, ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera komweko, kumalire a Kenya ndi Ethiopia kumene anyamata athu anamenya nkhondo mu 1940. Kumanja tinaika a lero, ovala zisoti zobiriwira ngati mtambo za United Nations, akupita ku Congo.

Apa pali mbuna zingapo zimene wojambula amagweramo. Yoyamba ndi sitima. Aliyense amafuna kujambula sitima ya pamtunda anthu akubayibitsa pawindo, koma njanji inafika ku Salima mu 1935 n'kuima pomwepo, ndipo ku Lilongwe inadzafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Munthu wa kwa Chadza kapena kwa Kalolo wonyamuka mu 1942 anakwera lole kapena anayenda wapansi. Yachiwiri ndi mbendera. Yathu yakuda, yofiira ndi yobiriwira inakwezedwa pa 6 Julaye 1964, ndiye malo ake ndi paphewa la wopita ku Congo basi. Yachitatu inandigwira ine ndemwe. Sajeni wa pa lole uja ndinamuveka chipewa chachitali chopanda mlomo chija, n'kuchipaka chofiira monga ndinkaonera pazithunzi za Keyala. Tsiku lina mdzukulu wina anabwera ndi agogo ake panjinga, mkulu amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Anatsika pang'onopang'ono, naloza ndi ndodo, nati, "Mwana wanga, chofiiracho n'cha anzathu a kwina. Ife a Nyasaland chathu chinali chakuda." Ndinati, "Zikomo agogo, mawa mudzachipeza chakuda." Ndipo anabweradi kudzaona. Amayi a nthawi imeneyonso musawaveke zitenje za maluwa za lero. Ambiri ankamanga chilundu pachifuwa, nsalu yakuda ya biriwita, ndi mikanda m'khosi.

Nkhope nazo muziganizire. Sikuti onse anapita mokondwa. Ena anapita chifukwa cha msonkho, ena anachita kutchulidwa ndi amfumu amene boma linawalamula kupereka anthu, ndipo nthawi ya amtengatenga amuna ankagona kutchire kuthawa kugwidwa usiku. John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akutumizidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya amasiye. Komanso analipo anyamata amene anapita mtima uli m'mwamba, akufuna malipiro ndi kuona dziko. Pa lole yathu pali woseka mmodzi, woyang'ana pansi awiri, ndi wina amene watembenuka kufunafuna munthu m'gulu. Chithunzi chimene onse akumwetulira anthu sachikhulupirira.

Tsopano khoma. Chilolezo choyamba n'cha mwini khoma, ndipo chikhale cholembedwa, chonena kuti chithunzicho chikhalapo zaka zingati komanso kuti pasadzabwere wina kudzapakapo malonda a kampani. Pitani kwa amfumu kapena abuloko lida a deralo, ndipo ngati khoma layang'ana kumsewu mukafunsenso kukhonsolo ya mzinda. Ngati mukufuna kujambula yunifolomu ya lero ndi zizindikiro zake, tengani pepala lanu mukaonetse akuluakulu a asilikali ku Kamuzu Barracks musanayambe. N'ulemu, komanso adzakukonzani pamene mwaphonya. Makaka a chipani asapezeke paliponse, ngakhale pachitenje cha mayi wa pakona.

Kumene khoma layang'ana n'kofunika kwambiri. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndiye miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kum'mwera limakhala mumthunzi nthawi yaitali ndipo penti imakhalitsa. Loyang'ana kumadzulo limaotchedwa ndi dzuwa la masana la Okutobala, moti pakatha zaka ziwiri zofiira zonse zimasanduka zotuwa. Ngati muli ndi mwayi wosankha, sankhani khoma la nyumba lokhala ndi denga lotulukira kunja. Mpanda wa njerwa wopanda chovindikira pamwamba umamwa mvula kuchokera kumutu, ndipo madziwo amakankha penti kuchokera mkati. Ngati ndi mpanda womwewo umene mwapatsidwa, uzani abilidala aike kaye simenti yotsetsereka pamwamba pake.

Khomalo liyeseni katatu. Gogodani ndi kiyi paliponse. Pamene pakulira ngati ng'oma, pulasitala wasiyana ndi njerwa, pagumulidwe n'kumatanso. Kenako sisitani ndi chikhatho. Chikayera, ndiye kuti pali laimu kapena penti yakufa, ndipo zonsezo zichoke ndi bulashi yawaya mpaka mufike polimba. Ndinapakapo chikwangwani cha munthu pamwamba pa laimu ndili wamng'ono pantchito, mvula yoyamba itagwa chinasendeka ngati khungu la njoka, ndipo ndinabweza ndalama. Chachitatu, matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi madzulo. Mukapeza thukuta mkati mwake m'mawa, khomalo lili ndi chinyontho, dikirani. Pamene pamatidwa chatsopano mupapatse masabata anayi kuti paume bwinobwino. Mukathamangira, pamatuluka mchere woyera uja umene umadya penti.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha ndipo kutentha kusanafike. Vuto la miyezi imeneyi ndi fumbi la mphepo ya mwera, ndiye m'mawa uliwonse wazani madzi pansi patsogolo pa khoma, ndipo mphepo ikakula tsekani zitini.

Penti gulani ya madzi koma yapanja, ya acrylic. PVA wamba wam'nyumba sapirira mvula, ndipo ya mafuta yonyezimira ija imatsekera chinyontho mkati n'kuyamba kutupa. Lita imodzi imakwana malo ngati masikweya mita 8 pakhoma losalala, ndipo pokhakhala imakwana ochepera. Khoma lathu la mamita 12 m'litali ndi 2.4 m'mwamba linadya malita 5 a pulaimala, penti yoyambirira yogwira khoma, ndi 10 a penti yoyera yoyala pansi kawiri. Pamwamba pake simufunika mitundu yambiri. Yoyera, yakuda, yachikasu, yabuluu, yofiira ndi yakhofi zikukwanirani, zina zonse mumasakaniza nokha. Mitundu yadothi, ya okusaidi uja timathira pansi m'nyumba, ndi imene imalimba padzuwa, ndipo mwamwayi ndi yomweyo imene imapereka khaki, khungu la munthu ndi katondo wa kwathu kuno. Yendani m'mashopu angapo ku Area 2 ndi ku Malangalanga, ndipo ndalama ikapezeka gulani zonse tsiku limodzi, chifukwa mitengo sikhala malo amodzi. Onetsetsani kuti chitini n'chomata cha kufakitale. Ife wina anatigulitsa ndowa yothiridwa madzi, tinaizindikira titapaka kale mamita atatu.

Chithunzi chiyambe papepala, ndipo pepalalo lifanane ndi khoma. Ine ndimachepetsa kakhumi: khoma la mamita 12 ndi 2.4 limakhala pepala la masentimita 120 ndi 24. Papepalapo lembani timabokosi ta masentimita 5, pakhoma mabokosi a masentimita 50. Mizere ya pakhoma musaivutikire ndi rula. Pakani chingwe choko, anthu awiri achikoke mwamphamvu uku ndi uku, wachitatu achikweze pakati n'kuchisiya, mzere wowongoka utsala pomwepo. Woyamba wokha muuyese ndi levulo. Perekani manambala kumabokosi, kenako kopelani ndi makala, bokosi limodzi panthawi. Apa ndi pamene ana asukulu angathandize, chifukwa ngakhale wosadziwa kujambula amatha kukopela zimene zili m'bokosi limodzi. Munthu wamkulu kutalika kwake ndi mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka. Mukaiwala zimenezi asilikali anu adzaoneka ngati ana ovala zovala za abambo awo. Mukamaliza ndi makala, wolokani msewu mukayang'ane muli patali, chifukwa anthu ambiri adzachiona ali mu minibasi kapena pa kabaza.

Popaka yambani ndi zakutali: mtambo, mapiri, msewu. Ife tinaika phiri la Nkhoma chapatali kuti munthu adziwe kuti apa ndi kwathu. Kenako lole ndi mitengo, kenako matupi, ndipo nkhope ndi manja pomalizira. Sankhani mbali imodzi imene kuwala kukuchokera ndipo musaisinthe khoma lonse. Ife tinati ndi m'mawa, dzuwa lili kumanja, zithunzithunzi zonse zikugwera kumanzere. Mtundu uliwonse umene mwasakaniza, sakanizani wokwanira ndipo mulembe m'kabuku kuti munathira makapu angati a chiyani. Masentimita 40 a pansi penipeni apakeni mtundu wa dothi lofiira, chifukwa mvula ikamagwa imathovukira pamenepo ndi matope. Pokwera, migolo iwiri ndi thabwa lochindikala n'zokwanira pakhoma lotere, koma migoloyo muithire mchenga, ndipo mwana asakwerepo.

Nkhope musazipeke m'mutu, zimatuluka zofanana zonse. Pemphani anthu a m'deralo akuimireni. Mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi holo ndi amene anaima m'malo mwa agogo anga, atabereka mwana wa mnzake, ndipo anyamata a kabaza anakhala amtengatenga, atasenza matumba a makala kuti ndione mmene khosi limalimbira ndi mmene phazi limapondera munthu akalemedwa. Koma nkhope ya msilikali weniweni amene anamwalira musaiike popanda mawu a banja lake.

Mbali ya ku Congo ndi imene inandivuta, chifukwa bala lake likadali laliwisi. Asilikali athu akhala akupita kumeneko kuyambira 2013 pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations inamupatsa mendulo yaulemu mu 2019. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu. Anthu amene anawaperekeza akuyenda m'misewu yomweyi. Ndili pa thabwa ndikupaka mbali imeneyi, mayi wina ankabwera n'kuima tsidya la ngalande osanena kanthu, masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu ndinatsika n'kuwapatsa moni. Anayankha, kenako anati, "Achimwene, mwanayo mwamuimika patali. Wanga anagwira buluku la bambo ake, mpaka tinachita kumumasula zala." Sindinawafunse zambiri. Ndinafufuta mwanayo madzulo omwewo, n'kumujambulanso atakakamira pabondo la msilikali, tizala take titakwinya nsalu ya buluku. Pa khoma lonse lija, pamenepo ndi pamene anthu amaima nthawi yaitali. Ndiye mukamagwira ntchitoyi musamange mpanda wa malata kuti anthu adzaone pomaliza. Asiyeni aone, ndipo akalankhula tsikani mumve.

Mawu olemba akhale ochepa. Ife tinangolemba zaka pansi pa gawo lililonse, ndi mawu awiri pamwamba: "Tinawaperekeza, tikuwakumbukira." Kumapeto kwa khoma tinasiya malo a mayina. Dzina lililonse libwere ndi a banja, alilembe okha papepala, inu muliwerenge mokweza iwo akumva musanaliike. Zilembo zikhale zosachepera masentimita 5 kuti nkhalamba iwerenge yosafinya maso. Zonse zikauma kwa sabata, pakani vanishi wa madzi wapanja, wosanyezimira, kawiri. Amateteza kudzuwa, komanso wina akamatapo pepala la msonkhano limachoka ndi madzi osasenda nkhope ya munthu.

Tsiku lotsegulira labwino ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene dziko limakumbukira asilikali kuchipilala cha ku Area 18 ndi kuchipilala cha Keyala ku Zomba, pokumbukira kuti nkhondo yoyamba inaima pa 11 Novembala 1918. Mvula imakhala ili pafupi, ndiye ntchito ikhale itatha kale mu Okutobala. Ife tinakhala chete mphindi ziwiri nthawi ya 11 koloko, kenako tinaitana gulu la mganda. Gule ameneyu, monga malipenga a kunyanja ndi beni wa ku Mangochi, anatengera mayendedwe ake ku pelete wa asilikali omwewa, ndiye pamwambo wotere ali pakwawo. Mipando yakutsogolo ikhale ya achikulire ndi amasiye, ndipo wochotsa nsalu pakhoma akhale mmodzi wa iwo.

Penti yotsala ithireni m'timabotolo totseka bwino, mulembepo kuti iyi ndi ya khaki, iyi ya khungu, iyi ya mtambo, ndipo musiye kwa munthu mmodzi wodziwika pamodzi ndi kabuku ka kasakanizidwe kaja. Dzalani kapinga kapena yalani miyala patsinde pa khoma kuti matope asathovuke, ndipo mugwirizane ndi ogulitsa malonda pafupi kuti asayatse mbaula pamenepo. Chaka chilichonse mvula ikatha ine ndimapita ndi ndowa, sopo wochepa ndi nsanza yofewa, n'kutsuka kuyambira pamwamba, kenako n'kukonza pamene pasendeka. Vanishi timabwereza pakatha zaka zitatu. Meyi wapitayu ndikutsuka, kunabwera bambo wina wa ku Mitundu ndi kapepala m'thumba la shati, kolembedwa mayina awiri a abale a agogo ake amene anatengedwa kukasenza katundu mu 1917 ndipo sanabwerere. Nambala ya usilikali analibe, chithunzi analibe. Tinawawerenga mokweza kawiri, ndipo ndinawalemba pamzere wa 31 ndi 32.